Dzina Langa pa Khoma la Tchalitchi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinalemba dzina langa ndi msomali pakhoma la tchalitchi chathu. Ndi chija chakale cha njerwa, chimene amishoni anamanga kutsidya la kum'mawa kwa nyanja agogo athu asanabadwe. Alendo opita kukaona linga lakale kuphiri la ku Namwera ankapatukira kwathu, n'kumajambula zitseko ndi mawindo. Ine zinkandiwawa kuti anthu akutali akutamanda khoma, koma ine Agnesi wosesa m'menemo Loweruka lililonse osandidziwa. Choncho ndinakanda dzinalo pafupi ndi khomo penipeni.

Panalibe chofufuza, wolakwa anali atadzilemba yekha. Wansembe wathu sanakalipe. Anangonena kuti a Bishopu abwera pakatha milungu itatu kudzasanjika manja, ndipo dzinalo likadzakhala likuonekabe, ine sindidzagwada nawo pamzere. Apo n'kuti amayi atasoketsa kale diresi loyera.

Ndinkadziona wochenjera. Tsiku lomwelo ndinatapa simenti m'thumba la bambo, n'kukaimata m'zilembomo ndi chala. Itauma inada bii pakhoma loyera lija, moti dzina limene poyamba unkaliona utayandikira tsopano linkawerengeka uli pamsewu. Anzanga anayamba kunditchula kuti mwini tchalitchi. Ndinalira ndi manyazi.

Amene ankakonza tchalitchicho chikawonongeka anali Che Saidi, mmisiri wachisilamu wa m'mudzi woyandikana nafe, amene bambo awonso ankagwira ntchito yomweyo. Anafika, nayang'ana ntchito yanga ija, n'kupukusa mutu.

"Mwanangu, khoma ili ndi nkhalamba, limapuma," anatero. "Simenti imalitseka mphuno, chinyontho chimakhalira m'kati, njerwa n'kuyamba kufumbutuka. Chimene limadziwa ndi laimu ndi mchenga basi."

"Ndiye ziuma a Bishopu asanabwere?" ndinafunsa.

"Inshallah, Mulungu akalola. Koma laimu sathamangitsidwa."

Iwo ankangoloza, manja anali anga. Ndinagoba simenti yonse ndi kachitsulo, ndinasefa mchenga, ndinaviika laimu mu ndowa. Laimuyo anandiotcha zala mpaka zinang'ambika. Tinkamata pang'onopang'ono, n'kuphimba ndi chiguduli chonyowa, ndipo m'mawa ndi masana ndinkatunga madzi kunyanja kudzanyowetsa chigudulicho. Tsiku lina, Che Saidi atapita kumzikiti, ndinamata mochindikala kuti zithe msanga. Kutacha ndinapeza zonse zitang'aluka, ndipo tinayambiranso.

Kutatsala masiku awiri, zilembo zinali zikuonekerabe ngati chipsera. Che Saidi anati:

"Titha kupaka njereza pamwamba, a Bishopu sangaone kanthu. Koma mvula yoyamba ikadzagwa, dzina lidzatulukanso. Khomali waliwononga ndiwe, sankha wekha."

Kunena zoona, mtima unafuna njerezayo kwambiri. Ndinaganiza za amayi, ndinaganiza za anzanga amene tinaphunzira nawo chaka chonse. Koma ndinali nditayesa kale zachidule kawiri, ndipo kawiri konseko zinandiyalutsa. Ndinapita ndekha kwa wansembe kukanena kuti khoma silinathe ndipo andichotse pamndandanda. Amayi sanandilankhule tsiku limenelo.

Lamlungu lake anzanga analowa atavala zoyera, nyimbo zikumveka mpaka panja. Ine ndinali pakhomo ndi ndowa yanga, kunyowetsa chiguduli, misozi ikutsika. Sindinasiye. Panatha milungu ina inayi kuti Che Saidi asisite khomalo ndi chikhatho n'kunena kuti, "Basi, tsopano lapola." Manja ndinasanjikidwa chaka chotsatira.

Panopa ndikumvetsa chifukwa chake wansembe sanandikwapule. Chikwapu ndikanachiiwala sabata yomweyo. Chimene ankafuna ndidziwe n'chakuti kuwononga kunanditengera kanthawi kochepa, koma kukonza kunali ndi nthawi yakeyake imene sindikanaifupikitsa. Mpaka lero ndikalakwira munthu, mtima umayamba wafuna kupaka njereza, ndipo ndimaukaniza.

Chaka chatha ndinapita kumudzi ndi mwana wanga wamkazi. Nditamufotokozera nkhaniyi, anakakamira kuti ndimuonetse pamene ndinalemba. Tinasisita khoma lonse la pakhomo paja, iye uku ine uku. Sanapapeze, ndipo inenso sindinapapeze.