Khadi la Malemu Achimwene

Ine ndine mphunzitsi, ndipo monga aphunzitsi ambiri a m'sukulu za pa esiteti, ndikaweruka dzuwa limakhala likadalipo lambiri. Anzanga ena nthawi imeneyi amaithera pa bawo, ena ku mowa. Ine ndinagwidwa ndi matenda ena, opanga makhadi a osewera mpira pa foni.

Tsamba la pa intaneti lopangirapo makhadi otere ndinalipeza mwangozi. Umaika chithunzi cha munthu, dzina lake, kenako mapointsi a liwiro, mphamvu, kumenya ndi mutu ndi zina zotero. Anthu akunja amapangapo makhadi a zinjoka ndi asilikali a m'nthano. Ine ndinati zinjoka za chiyani, pamene pa esiteti pathu divishoni iliyonse ili ndi timu yake, ndipo muli anyamata omenya mpira moti woonera amaiwala kuti mawa alawirira kukatchola tiyi? Loweruka ndinkapita ku bwalo la kuseri kwa fakitale n'kumawajambula mmodzimmodzi. Makhadiwo sindinkasindikiza. Ndinkangomuonetsa mwiniwake pa foni, iye n'kudandaula kuti ndamumana mapointsi a liwiro, tonse n'kuseka.

Khadi limodzi lokha sindinkaonetsa anthu. Linali la achimwene anga opondana nawo. Ankagwira ntchito ku fakitale, ndipo pa bwalo lomwe lija akagwira mpira, azimayi ankasiya kugulitsa zitumbuwa n'kuimirira. Anadwala m'nyengo ya mvula n'kutisiya. Chithunzi chawo chinatsala chimodzi, atavala jezi, ndipo chimakhala pansi pa sutikesi ya amayi kumudzi kwathu ku Chimaliro. M'banja mwathu wakufa sitimupachika pakhoma, ndipo dzina lake sitiliitana pabwalo. Timangoti malemu. Amayi amati munthu akagona musamamudzutse ndi kumuloza zala.

Chinyezi cha chiperoni chinayamba kudya chithunzicho m'mbali. Ndinawapempha amayi kuti ndichijambule pa foni chisanatheretu, ndipo anandikaniza kwa nthawi yaitali. Tsiku limene analola, anachigwira okha m'manja ine ndikujambula, n'kunena kuti, "Nkhope iyi ndi ya m'nyumba muno. Isakaone msewu." Ndinalonjeza. Khadilo ndinalipanga la ine ndekha, n'kuliika kumapeto kwa ena onse pa tsamba lija. Mapointsi ndinawapatsa odzaza paliponse, ndipo sindinanamepo.

Cha m'nyengo yomweyo ku ofesi ya esiteti kunabwera bambo wina wochokera ku chigawo chapakati, woyang'anira zamasewero a antchito. Anali munthu woseka msanga, wa nsapato zosagwira matope ngakhale mu Januwale, sindidziwa ankadutsa pati. Anandipeza ku bwalo ndikujambula, anaona makhadi anga, ndipo anawatama mpaka ndinachita manyazi. Kunena zoona ndinasangalala. Mkazi wanga ankati ndimathera bandulo ya intaneti pa zachibwana, ndiye apa panapezeka munthu wa ku ofesi, wa tayi, akuti zachibwanazo n'zanzeru. Mumtima ndinati akuluakulu sananame, mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Tinagwirizana ngati apachibale. Ankadya kwathu, ana anga ankamutcha amalume. Tsiku lina anandiperekeza ku Chimaliro, amayi anamuphera nkhuku, pobwerera anamusenzetsa nthochi ndi mapeyala. Panjira yobwererayo, titakhala pansi pa mtengo wa bulugamu kudikira njinga, ndinamuonetsa khadi la achimwene, n'kumuuza mawu a amayi monga momwe anawanenera. Anavula kapusi. Anati, "Pepani achimwene. Zinthu ngati izi n'zofunika kuzilemekeza."

Tsamba lija linali ndi malo olembapo maganizo. Umalemba chimene ukufuna kuti eni ake awonjezere, ena n'kuvotera, ndipo ganizo likapeza mavoti ambiri amalichita. Ine kumeneko ndinkalongolola ngati khansala wofuna kusankhidwanso. Ndinalemba kuti zithunzi zizitseguka ngakhale netiweki ili yofooka, poti kwathu kuno umachita kukaima pamtunda pafupi ndi thanki ya madzi, dzanja lili m'mwamba. Ndinalembanso kuti pakhale malo a dzina la pabwalo, chifukwa wosewera mpira wa pa esiteti palibe amamudziwa ndi dzina la ubatizo. Palibe anavotera. Anzathu a zinjoka aja anali otanganidwa ndi kupempha moto wotuluka m'kamwa.

Mnzanga uja ndiye anabwera ndi ganizo lina. "Aphunzitsi, mutu umodzi susenza denga. Lembani kuti anthu awiri azitha kugwirira limodzi makhadi amodzi. Inu muzijambula, ine ndizikongoletsa pa kompyuta ya ku ofesi." Ndinalemba. Pambali pake ndinalembanso langa: pakhale loko, kuti khadi lina likhale loti wolipanga yekha ndi amene angalitsegule, wina asathe kulikopera kapena kulisindikiza.

Mwamuna uja anachita kampeni yeniyeni. Makalaliki a ku ofesi, anamwino a ku kiliniki, abale ake a m'tauni, onse anawalowetsa pa tsambalo kuti avotere ganizo logwirira limodzi. Nditamukumbutsa za loko anaseka. "Loko wa chiyani pakati pa ine ndi inu? Tisamwaze mavoti." Patapita miyezi eni tsamba analichitadi ganizo loyambalo, ndipo ine ndinamutsegulira makhadi anga onse. La loko lija likadali pomwepo mpaka lero, lili ndi voti yanga yokha. Pali ena amandifunsa chifukwa chake sindinayambe ndachotsa khadi la achimwene. Ndimawayankha kuti munthu amene wadya nkhuku ya amayi ako, wavula kapusi pamaso pa wakufa wako, sumamufufuza m'matumba.

Mpikisano wa madivishoni unafika kumapeto ine nditapita kukachonga mayeso kutali. Pobwera ndinapeza esiteti yonse ili pa makhadi. Mnzanga anakawasindikiza ku Limbe, n'kuwagawa m'timapepala pa tsiku la fainolo, amanijala akuombera m'manja. Ku malaini a nyumba za antchito, pa sikelo yoyezera tiyi, pa grosale, anthu akuluakulu a ndevu ankasinthana makhadi ngati ana. Ndinapsa mtima kuti sanandiuze, koma ndinkati ndikamukalipira pang'ono zitha. Kenako kapitawo wina anandiimitsa pamsewu.

"Aphunzitsi, inu ndiye simungalephere kukhala nalo. La golide lija."

"La golide liti?"

"La malemu achimwene anu. Alipo ochepa zedi. Dzulo munthu anapereka makhadi a timu yonse ya divishoni yathu kuti apeze limodzi."

Anatchula dzina lawo la pabwalo, mokweza, akumwetulira, ngati akundiuza nkhani yabwino.

Ku ofesi ndinalowa osagogoda. Ndinamupeza akumwa tiyi, ndipo atandiona anakoka mpando.

"Achimwene, khalani. Mwaona mmene zayendera?"

"Ndinakuuzani chiyani pansi pa bulugamu paja?"

"Ndikukumbuka. Koma tamverani. Makhadi otere amafunika pakhale limodzi losowa, apo ayi anthu sasinthana, amangowataya. Ndiye ndani akanayenera kuposa iwo? Ine ndawalemekeza. Ndawaikira golide m'mbali."

"Ndinalonjeza amayi."

Anaika kapu pansi, n'kulankhula mofatsa ngati akulangiza mwana. "Amayi ali ku Chimaliro, aphunzitsi. Akaliona kuti?"

Mawu amenewo ndi amene anandipweteka kuposa zonse. Akanati anaiwala, mwina ndikanamukhululukira, poti kuiwala n'kwa aliyense. Koma sanaiwale. Anakhala pansi, anaganizira za amayi anga, anayeza mtunda wa kumudzi kwathu, n'kuona kuti nkhalamba ija singamusokonezere tsiku lake la kuomberedwa m'manja. Ndinatuluka ndisanamumenye, ndipo mpaka pano sindidziwa ngati ndinachita bwino.

Ndinayendayenda m'malaini kupempha makhadiwo. Mmodzi yekha, amene ankasewera ndi achimwene, anandibwezera lake osafunsa kanthu, ndipo ndinaliotcha. Ena atamva kuti ngakhale mphunzitsi akulifuna, analigwiritsitsa kwambiri. Kufuna kwanga kunangolikweza. Ndinasiya, n'kumangopemphera kuti chilakolako chawo chizirale amayi asanamve.

Amayi anabwera Lachisanu lina masana, osauza munthu. Ankati adzaone zidzukulu. Anakwera njinga yamoto ya kabaza, ndipo mwini njingayo anali atamata khadi lija pa thanki ya mafuta, n'kulikuta ndi selotepi kuti mvula isaliwononge. Atafika pokwera mtunda, mwini njingayo anayamba kudzitama kwa nkhalamba imene sankaidziwa. Anamenya pa thankipo n'kunena kuti uyu ndiye amandipatsa liwiro, n'kutchula dzina. Amayi anasuzumira. Anamuuza aime, anatsika, ndipo njira yotsalayo anayenda pansi m'minda ya tiyi.

Ndinawapeza atakhala pakhonde, miyendo ili mbuu ndi fumbi. Mkazi wanga anali atawapempha kuti alowe, anakana. Madzi anakana. Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Analankhula m'Chilomwe, chimene amachita nkhani ikawafika pamtima.

"Mwana wanga ndinamukwirira ndi manja awa. Lero ndakumana naye atamatidwa pa njinga."

Ndinagwada n'kufotokoza zonse, za tsamba, za mavoti, za mnzanga uja. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mlendo uja sindinamugwirire chithunzi. Ndinagwirira iwe."

Kenako anati nditulutse foni ndifufute nkhopeyo iwo akuona. Ndinafufuta pa foni. Ndinakwera nawo mpaka pamtunda pa thanki ya madzi paja, n'kufufutanso pa tsamba, iwo ataima pambali panga. Atatsimikiza kuti palibe chatsala, anamanga mpango wawo, ndipo ndinawaperekeza mpaka kumudzi.

Mnzanga uja anakwezedwa, ali ku esiteti ina. Tikakumana pa boma amakweza dzanja n'kuitana kuti achimwene. Ine ndimayang'ana kumbali, ndipo anthu amati mphunzitsi uja ndi wosunga mangawa. Anene. Ndimasungadi.

Amayi ndimawayendera monga kale, amandiphikira, timacheza za mvula ndi za mitengo ya feteleza. Koma kiyi wa sutikesi anapereka kwa achemwali anga, ndipo ndikafika, chipinda momwe muli sutikesiyo chimakhala chotseka. Ndinapemphapo kamodzi kuti ndingoona chithunzicho, osachigwira. Anati, "Ukachionere kumene unachipititsa."

Nkhope ya achimwene yayamba kundisokonekera m'mutu. Nthawi zina ndimakumbuka mano, maso n'kundithawa. Zikatero ndimapita pa siteji ya kabaza pamphambano ya ku fakitale, n'kuima ngati ndikudikira munthu. Njinga ija ikafika ndimayandikira. Dzuwa lalidya khadilo, golide anayera kale, koma achimwene akuonekabe. Mwini njinga amandifunsa kuti, "Tikupita kuti, aphunzitsi?" Ndimati sindikupita kulikonse, ndipo ndimayang'anitsitsa pa thankipo mpaka atapeza wokwera.