Mzere woyamba ndi ziro

Sukulu ndinasiyira giledi naini nditamenyana ndi kapitawo wa kalasi. Amalume atatopa nane anandipezera ntchito pa boma ku Chama, m'kashopu kotaipa ndi kupulinta pafupi ndi msika. Mwini wake, amake Tiza, anandichenjeza poyamba pomwe: "Ukakalipira kasitomala, ubwerera kwanu ku Chikwa ukapirikitse njovu m'munda."

Ndinaphunzira kiyibodi, fulashi, ndi kuchotsa pepala likakakamira m'pulinta. Kenako kunabwera ba Nyirenda, aphunzitsi a masamu amene ankaphunzira digiri ali pantchito. Laputopu yawo inali itafa, ndipo asayinimenti imafunika tsiku lomwelo. Anaika pulogalamu ya masamu pa kompyuta yathu, n'kunena kuti nditaipe ndine, iwo amachedwa.

Pa sikirini panali matirikisi, bokosi la mizere yogona ndi yoimirira, dzina lake M. M'kachipinda kalikonse munali polinomiyo, chingwe cha ma x ndi manambala. Iwo ankafuna ya pa mzere wogona wachiwiri, woimirira wachitatu, aitulutse payokha. Anailoza ndi chala.

Ndinataipa M[2,3] monga anandiuzira. Inatuluka ina.

"Walakwitsa, iwe."

Ndinatembenuza, M[3,2]. Inanso. Ndinafufuta, kutaipanso, kuzimitsa kompyuta, kuyatsa. Chomwecho. Chinthu ndikuchiona ndi maso, koma makina akundipatsa cha pansi pake, chakumbali.

"Amake Tiza, mulibe wina wofikako giledi twelofu?" anafunsa ba Nyirenda.

Ndinaimirira, mpando n'kugwa. Mawu anali atafika kale pakamwa.

Amake Tiza masamu sadziwa, koma anagulitsapo mpunga. Anati, "Khala pansi. Sikelo ukaikayikira umayamba waikapo chomwe ukudziwa kulemera kwake. Kompyutayo ifunse chapakona."

Ndinadzutsa mpando n'kukhala. Ndinataipa M[1,1]. Sichinabwere chapakona, chinabwera cha mzere wachiwiri.

"Manje woyamba uli kuti?" ndinafunsa.

Ba Nyirenda anagwira pachipumi. "Mayo ine! Anatiuza ku koleji. Pulogalamu iyi imayamba kuwerenga pa ziro."

M[0,0] inatulutsa chapakona. M[1,2] inatulutsa chomwe chala chawo chimaloza. Zotsala tinazitulutsa chimodzichimodzi, paliponse kuchotsako imodzi, ndipo asayinimenti inapita netiweki isanathawe. Potuluka anati, "Pepa, mwana wanga, wolakwa sunali iwe."

Ndinawafunsa chifukwa chake munthu angatche mzere woyamba ziro, pomwe mzerewo ulipo. Anafotokoza, ine osamva. Mpaka lero sindimva. Kumunda kwathu mzere woyamba wa chimanga ndi woyamba basi.

Koma njovu za ku Chikwa akuzipirikitsa ndi ena. Makina akandisokoneza, ndimayamba ndawafunsa chomwe ndikudziwa kale yankho lake, ndili chikhalire pampando.