Aphunzitsi a pa Zalewa

Mayi Anastazia amakhala ku Markham, m'chipinda chapansi pa nyumba ya mwana wawo Victor. Zenera lake limangoonetsa matayala a galimoto ndi miyendo ya anthu odutsa. Anabwera ku Canada kudzalera zidzukulu. Zidzukuluzo zinakula, zimayankha m'Chingerezi, ndipo agogo anangotsala ngati mpando wakale umene eni ake akuchita manyazi kuutaya. Ukawaona Lamulungu atavala chipewa chaubweya, akudikira basi yopita kutchalitchi ku Scarborough, sungadziwe kuti manja amenewo anakazingapo nkhuku zokwanira kudyetsa boma lonse la Neno.

Kwawo ku Malawi, ofesi yawo inali pa Zalewa. Bambo a Victor atamwalira, mayiwa anagula chiwaya ndi beseni. M'mamawa kukazinga nkhuku ndi zitumbuwa, masana kuthamangira mabasi, beseni pamutu, kukwezera apaulendo chakudya m'mazenera. Zipsera za mafuta zikadali m'mikono mpaka lero. Beseni limenelo ndi limene linatumiza Victor ku sekondale yogonera konko, kenako ku yunivesite, mpaka kudzamukhazika pa kompyuta mu ofesi ya magalasi okhaokha.

Koma pali bala limodzi limene silinapole. Tsiku lina basi yonyamula ana a sukulu ya Victor, opita ku mpira, inaima pa Zalewa. Mayiwa anathamangira monga mwa masiku onse, ndipo ataona mwana wawo pazenera anakweza beseni akumwetulira. Victor anawerama ngati akumanga zingwe za nsapato, osaweramuka mpaka basi inanyamuka. Mayiwa sanamufunse. Anati ndi chibwana, akakula adzanena yekha. Ndipo ndi chimenecho akhala akudikira zaka zonsezi. Majekete ndi mafoni amene amawagulira amayamika, koma chimene mtima wawo ukufuna n'chakuti tsiku lina Victor adzatchule ndi pakamwa pake, mkazi wake akumva, ntchito imene inamulera.

Chilimwe chatha, ana atapita ku kampu ya patchuthi, Victor anachita lendi galimoto yokhala ndi nyumba yake: mabedi, chitofu, ngakhale chimbudzi. Anati iyeyo, mkazi wake Joan ndi amayi apite kugombe la nyanja yamchere, kum'mawa kwenikweni kwa dziko. Mayi Anastazia ataiona galimotoyo anaseka, nati uyu ndi kamba, woyenda atasenza nyumba. Kusekako kunawakumbutsa kamba winayo, wodya paulendo, poti munthu wolongosoka sanyamuka ulendo wautali chimanjamanja. Tsono pa nyumba ya Victor kukazinga n'koletsedwa, akuti kabelu ka utsi kamalira ndipo fungo limalowa m'makatani. Anakwera basi mpaka kwa mnzawo wa kutchalitchi ku Scarborough, nakazinga nkhuku ndi zitumbuwa kumeneko tsiku lathunthu. Pobwerera, anthu m'basi ankatembenuka kufuna kudziwa kumene fungo likuchokera, ndipo iwo anakhala mowongoka ngati mkwatibwi.

Victor atasuzumira m'chikwama chimene anabwera nacho anakwinya mphuno.

"Amayi, zonsezi n'zachiyani? Trip iyi point yake ndi chakudya cha m'njira. Tizi-stoppa paliponse, tizilawa za kumeneko."

Anatenga nkhuku ndi zitumbuwa zija n'kukaziponya mu firiji ya m'galaja, akuti adzadya akabwerako.

Tamvani zimenezo. Chakudya cha m'njira. Mwana amene ankachita nacho manyazi chili pamutu pa mayi ake, lero wachita kuchilipirira galimoto kuti akachisake kutali. Akulu sananame, kamba amanyera amene wamutola. Mayiwa anangokwera galimoto.

Gombe lake n'lokongola, tisanamizane. Matanthwe ataliatali, tinyumba topaka utoto wowala, maboti a asodzi akuvinavina pamadzi, mphepo yonunkhira mchere. Victor ankayendetsa, Joan ali pa foni kufufuza komwe apaulendo ena anadya bwino. Ankaima apa kulawa supu wa nkhono, apo buledi woikamo nkhanu. Paliponse Victor ankayamba wajambula mbale asanadye, ngati kuti chakudya chili ndi pasipoti. Mayi Anastazia ankakhala kumbuyo, kuyang'ana nyanja imene ilibe tsidya.

Masana ena anaima pa kakhumbi kamatabwa m'mphepete mwa msewu. Panali mzere wa anthu, ndipo mkati munali mayi wachizungu wa msinkhu wawo, dzina lake Priscilla, akukazinga nsomba ndi tchipisi. Mayi Anastazia sanayang'ane nsombazo. Anayang'ana mikono ya mayiyo, yodzaza ndi timadontho toyera ta mafuta otentha. Anaidziwa mikonoyo ngati yawo.

Victor ndiye anasungunuka. Anamujambula mayiyo, namufunsa mbiri yake m'Chingerezi chake chosalala. Priscilla anati pa chiwaya chomwechi analererapo ana atatu, mmodzi ndi namwino tsopano. Victor anagwira pachifuwa, nati anthu ngati iwo ndi amene amagwiriziza dziko, ndipo ana awo ayenera kuti amawanyadira kwambiri.

 Mayi Anastazia anaona kuti tsiku lija lafika. Khomo linali lotsegula, kunangotsala kuti Victor atembenuke n'kunena kuti, amayi angawa nawonso. Anasendera pafupi kuti asavutike kuwafunafuna.

Amene anatembenuka anali Joan. Mwanayu ndi wamtima wabwino, anabadwira ku Etobicoke kwa makolo a ku Zambia, ndipo Chinyanja chake n'chothyokathyoka koma amayesetsa. Anawapatsa apongozi ake nsomba ya m'pepala akuseka.

"Mum, inu simunadyepo pa roadside so, eti? Victor amakamba kuti munali teacher wa strict, kudya choimirira kunali not allowed."

"Ndinali chiyani?"

"Teacher. Ku primary. Anandiuza tikali ku college."

Ndiye kuti bodzali linali lalikulu kuposa zidzukulu zawo. Iwo ankadikira mwana woiwala, osadziwa kuti mwanayo sanaiwale kanthu. Anachita kukhala pansi n'kuwapezera mayi ake ntchito ina yoti angaitchule pagulu. Zinawapweteka, ndipo anakwiya kwambiri.

Victor anali atasiya kutafuna. Ankawayang'ana ndi maso a munthu amene madzi afika m'khosi. Mawu amodzi okha akanakwanira. Akanangopinda malaya n'kuika mkono wawo pafupi ndi wa Priscilla, nkhani yonse ikanathera pomwepo, ndipo Joan akanadziwa kuti mwamuna wake wakhala akumunamiza kuyambira ali pachibwenzi.

Mayi Anastazia anakokera manja a juzi mpaka m'zikhato.

"Eya, mwana wanga. Ndinali mphunzitsi."

"Mumaphunzitsa chiyani?"

"Masamu."

Pamenepo sananame kwenikweni. Munthu amene anabwezapo tchenji pazenera la basi yoti yayamba kale kuyenda, masamu amawadziwa.

Anadya nsomba ija ataima m'mphepete mwa msewu, magalimoto akudutsa. Ankafuna kuti ikhale yoipa, yosapsa kapena yamafuta ozizira, kuti apeze chonyoza. Koma inali yabwino, yokhukhutika kunja, yofewa mkati, yokazingidwa ndi munthu wodziwa ntchito yake. Anaimaliza yonse, ndipo pochoka anagwedezera mutu kwa Priscilla, amene anali wotanganidwa kale ndi ogula ena.

Joan anatsogola kukatsegula galimoto. Sitepe yake ndi yayitali, choncho Victor anawagwira amayi ake pachigongono kuti awakweze. Ali pomwepo anawerama pafupi ndi khutu lawo, nanong'ona kuti mkazi wake asamve.

"Zikomo, amayi."

Kuyambira ali mwana, Victor sanawathokozepo ndi mtima wonse chotero. Zikomo amene anamudikira mpaka imvi anabwera ndithu, koma anabwera kudzawathokoza chifukwa chodzikana.  Mayiwo anakwera, anakhala pampando wawo wakumbuyo, namanga lamba.