Phiri la M'khutu Mwanga

Mayi anga anali ndi chizolowezi chimene chinkandipsetsa mtima. Tikucheza pakhonde ku Manje, ankangoti zii, mutu atapendeketsa, kenako n'kufunsa, "Wamva?" Ine sindinkamva kanthu. Iwo ankati m'khutu mwawo mukulira gu, gu, gu, ngati munthu akusinja kuseri kwa nyumba. Koma ukawalankhula, mpaka ubwereze katatu. Ndinkati amachitira dala.

Tsiku limene phiri la Soche linagumuka ndinali kwanga ku Ndirande, kumene ndimagulitsa kaunjika. Mayi woyandikana nawo nyumba ndi amene anandifotokozera pambuyo pake. Akuti chiphokoso chitayamba kumtunda, anawakuwira pawindo kuti, "Amayi, tulukani!" Mayi anga anamwetulira, n'kuloza khutu lawo, n'kupitiriza kusankha nyemba. Sindibisa, ndinawakwiyira ali m'manda. Munthu wamkulu, osathawa?

Chaka chatha zinandiyamba ine. Kunja kuli ngwee, ndikuyanika zovala, ndinamva gu, gu, gu, kuchokera kutali. Ndinataya beseni n'kuthamangira kumsewu, uku ndikukuwa kuti phiri likubwera. Anthu anangondiyang'ana. Phiri la Ndirande linali chilili, mbuzi zikudya m'munsi mwake. Phokosolo ndinabwerera nalo m'nyumba, ndipo silinachokenso.

Kuchipatala adokotala anandiunika m'khutu ndi katochi. Anati kuseri kwa kachikopa ka m'katimo kukuoneka kofiirira, ngati khala lobisala m'phulusa. Akuti kafupa ka m'khutumo kakukula molakwika, timitsempha ta magazi tachulukana pamenepo, ndipo chimene ndimamvacho ndi magazi anga omwe. Mawu a anthu okha azinka nazilala. Kenako anandifunsa, "Kwanu analipo wina wa vutoli? Limayenda kumtundu."

Zaka zonsezo mayi ankanena zoona, ine n'kumawanyogodola.

Masiku ano mvula ikayamba, mantha amandigwira. Ndimaika zala ziwiri pakhosi. Kugunda kwa m'khutu kukayendera limodzi ndi kwa mtima, ndimadziuza kuti ndi ine, si phiri.

Sabata yatha masana kunagwa chimvula. Ndinali nditakhala pampasa, ndikusankha mpunga, m'khutu mukusinja monga mwa masiku onse. Mwana wanga wamkazi anatulukira pawindo, atanyowa yense, milomo ikuyenda msangamsanga. Sindinamve zimene ankanena. Ndinangopezeka ndamwetulira, chala changa chikuloza khutu.