Mfuti M'chitenje

Chaka chimene boma la kuno kudziko la azungu linalamula kuti aliyense wosunga mfuti yaing'ono akaipereke kupolisi, ndinali m'chaka chomaliza cha unamwino, ndikukhala ku Selly Oak. Loweruka ndinkagwira ganyu ku Dudley, kusambitsa ndi kuphikira mayi ena achizungu, amasiye, okalamba kwambiri, omwe anali atayamba kuiwalaiwala.

Tsiku lina atamva za lamulolo pawailesi, anandikokera kuchipinda n'kutulutsa m'bokosi la nsapato mfuti ya malemu amuna awo, yomwe anabwera nayo kuchokera kunkhondo.

"Mwanawe, kandiperekere kupolisi," anatero akulira. "Ndikuopa kumangidwa."

Ine ndinakulira pakhomo pomwe wamkulu akakutuma sufunsa kawiri. Zoti munthu umayamba waimbira foni apolisi sizinandibwerere m'mutu n'komwe. Ndinaikulunga m'chitenje ngati usipa, n'kuiika pansi pa mpando wa kagalimoto kamene ndinabwereka kwa alamu anga.

Sindinapite patali. Galimoto ya polisi inandiimitsa pafupi ndi poimira basi, masanasana, kukuwaza kamvula. Wapolisiyo anali bambo wachikulire, wolankhula mofatsa. Anati nyali yanga yakumbuyo ndi yakufa. Aphunzitsi athu ankanena mosabisa kuti mlandu uliwonse wa kupolisi umathetsa unamwino, ndipo chilolezo changa chokhalira m'dziko muno chinali cha sukulu yomweyo. Kwathu bambo anali atalengeza kale mpingo wonse kuti mwana wawo akubwera ali nesi.

"Muli china m'galimotomu choti ndidziwe?" anafunsa.

Ndikanangoti ayi, bwenzi atandiuza kuti ndikakonzetse nyali, basi. Koma ndinaganiza kuti mfutiyi ikupita kupolisi, ndipo polisiyo ndi uyu waima apayu. Ndinawerama n'kutulutsa kamtolo kaja, n'kumasula chitenje kuti aone yekha. Kenaka ndinachita zimene mayi anga anandiphunzitsa popereka chinthu kwa wamkulu: ndinatsika m'galimoto, ndinagwada, n'kutambasula manja onse awiri, mfuti ili pakati, italoza kwa iye.

Sindinamvepo munthu akukuwa choncho. Anathawira kuseri kwa galimoto yake akulalata kuti ndiitaye. Ine m'malo moitaya ndinaigwiritsa, chifukwa ndinkaopa kuti ikagwa ilira. Ndinkangoti pepani, pepani, m'Chichewa, Chingerezi chonse chitandithera. Potsiriza ndinaiika pansi. Anabwera apolisi ena onyamula mfuti zazikulu, nandigoneka chafufumimba pamsewu wonyowa, anthu odikira basi akuonerera. Ndinalira ngati mwana, ndipo sindinasamale zoti akundiona.

Kupolisi ndinafotokoza zonse, iwo natuma anthu kwa mayi aja. Anabwerako ndi yankho limene sindinaliyembekezere. Mayi aja akuti mfuti sanaionepo chibadwire, ndipo mtsikana wa ku Africa samudziwa. Anthu amene ndinawasambitsa m'mawa womwewo! Sindinawakwiyire, ndinkadziwa mmene mutu wawo unalili. Ndinangoona kuti zanga zada.

Anandilola kuimbira alamu anga. "Alamu, mwapanga chiyani?" anatero. "Awa akudipotani, akubwezani kumudzi, komanso ine insurance ya galimoto yanga siyikukucoverani. Musasaine chilichonse, ndikukufunirani solicitor, loya." Atadula foni ndinakhala m'kachipinda kaja kuyesa kupanga mawu owauza bambo pabwalo la ndege, koma palibe amene anatuluka. Ndinapempha Mulungu mopanda manyazi kuti ngati ndi chilango andipatse matenda, koma asandibweze kwathu chimanjamanja.

Amene anandiombola ndi mwana wa mayi aja, yemwe ankakhala ku Nuneaton. Atafika anaizindikira mfuti ya bambo ake, nauza apolisi kuti amayi ake amaiwala ngakhale dzina lake iye. Ananditulutsa opanda mlandu. Wapolisi wachikulire uja anandiperekeza mpaka pakhomo, nandiuza kuti anzake aja akanafika ndisanaiike pansi, bwenzi tikunena zina.

Unamwino ndinamaliza. Mayi anga anabwera kuchokera kwathu kudzaona ndikulandira satifiketi, ulendo wawo woyamba kukwera ndege. M'mawa mwake ndinawapangira tiyi, n'kuwapatsira ndili chiimire, ndi dzanja limodzi. Ndinayesa kugwada, mawondo anakana. Sanalandire msanga. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Sukuluyi ndiye yakutha ulemu, mwana wanga?"

Ndinangoti pepani. Anamwalira osadziwa chifukwa chake.