Chingwe Chimene Inatafuna Nkhumba

A Evelio Cordovés anayendetsa basi pakati pa San Luis ndi Pinar del Río, ku Cuba, kwa zaka makumi atatu, koma palibe amene amawakumbukira ndi basi. Aliyense amawadziwa ndi mlongoti wansungwi umene uli padenga pawo, wokhala ndi mawaya a eriyo otambalala ngati poyanika zovala. Za wailesizi anaziyamba atangokwatira. Apongozi awo anawapatsa wailesi yakanema yakufa kuti aikonze, iwo n'kuiphwasula, n'kuzula mababu ake, n'kupangira wailesi yolankhulira ndi anthu akutali. Apongoziwo anamwalira akufunsabe za kanema wawo.

A Evelio sadziwa kunong'ona. Akamva mawu a munthu wa dziko lachilendo m'wailesimo amadumpha pampando n'kukuwa mpaka nkhuku za aneba kubalalika. Akazi awo, mayi Zoila, amene anakalambira kufakitale akupichira ndudu za masamba, wailesiyo ankaitcha mkazi mnzawo, ndipo kachipinda kake sankakasesa n'komwe.

Mwa anthu onse a m'wailesimo, wapamtima anali mmodzi, a Ubaldo Cárcamo, mkulu wometa nkhosa wa ku Punta Arenas, kumathero kwenikweni kwa Chile. Lamlungu lililonse folo koloko madzulo, kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, awiriwa ankacheza za mphepo, za mawondo opweteka ndi za ana osamva. Sanaonanepo. Ngakhale nambala ya foni sanapatsane, chifukwa kwa iwo kutero kukanakhala ngati mlenje kukagula nyama kubutchala.

Ndiye Lamlungu lina a Ubaldo anaswa nkhani. Maso awo anali atatha, ndipo mwana wawo wamkazi anali kudzawatenga kuti akakhale naye ku Santiago, m'nyumba yosanja yosaloleza eriyo. "Lamlungu likubwerali ndi lomaliza, achimwene," anatero. "Lolemba mlongoti wanga ukugwa. Musachedwe."

Kuchedwa a Evelio? Tsikulo analawirira m'mamawa, kumeta ndevu, kuvala malaya oyera ngati akupita kuukwati, n'kuyatsa wailesi kuti aiyese. Atangokanikiza batani, kasingano ka pamita kanalumphira kofiira. Kasingano kameneka kakagona ndiye kuti mawu akukwera bwino kueriyo, kakadzuka ndiye kuti akubwerera m'nyumba. Anatuluka akutsata chingwe chakuda cholumikiza wailesi ndi eriyo, kuchokera pawindo, kudutsa pansi pa mtengo wa mapeyala, mpaka kukhola. Nkhumba imene ankainenepetsa kuti adzaiwotche pakutha pa chaka inali itathyola thabwa, ndipo inawayang'ana mwaulemu kachidutswa ka chingwe kakulendewera kukamwa.

"Zoila! Zoila! Bweretsa mpeni! Chaka chatha lero!"

"Mukaigwira nkhumba yangayo muona, madala inu," anayankha mayi Zoila ali pakhonde. "Yachita zimene ine ndalephera zaka makumi anayi."

Phokosolo linatulutsa a Nivaldo, neba wawo wokonza magetsi, amene anasuzumira pampanda akutafuna buledi. "Mukulira chiyani, akulu? Sendani mbali zonse, mupote ngati waya wa babu, mumange tepi. Mphindi ziwiri basi."

"Waya wa babu! Mwamumva kape uyu?" A Evelio ananyamula chingwecho n'kumuika pamphuno. "Taona. Pakati pali waya mmodzi wakopa. Wazunguliridwa ndi pulasitiki yoyera. Pamwamba pake timawaya toluka ngati mkeka, kenako chikopa chakudachi. Mpata wa pakati pa wayayu ndi mkekawu uyenera kukhala wofanana kuyambira m'nyumba mpaka padenga. Pakatupa pena kapena kuphwatalala, mawu amafika pamenepo n'kubwerera. Wailesi yangayi mphamvu yake ndi ya babu la m'bafa. Ndikataya theka, mawu anga agwera m'nyanja asanafike n'komwe ku Colombia!"

Chingwe chotere sichipezeka m'sitolo ya ku San Luis, makamaka Lamlungu. Atadula mbali yotafunidwayo anapeza kuti kopa wa pamenepo anali wobiriwira, madzi amvula analowa kalekale, choncho anadulanso mpaka kufika poyera. Atakoka mbali ziwirizo zinangokumana ndendende, n'kupitirirana ndi chikhatho chimodzi chokha. Akalakwitsa, podulanso panalibe.

Tsoka silinunkha. Masana magetsi anazima. A Nivaldo anathamanga kukazula batire la galimoto yawo yakale kuti wailesi idzayakire, ndipo a Evelio anaika chitsulo chowotcherera pambaula, pambali pa poto wa nyemba zakuda wa mayi Zoila. Anaika tebulo pansi pa mtengo wa mapeyala n'kuyamba ntchito. Waya wapakati anaulumikiza bwino, kadontho kamodzi ka mtovu, mwachangu kuti pulasitiki isasungunuke. Anang'amba kachidutswa ka pulasitiki yoyera n'kukavekera pamfundopo. Mpaka apa anali kuimba mluzu.

Mkeka uja ndi umene unawagwiritsa njakata. Timawaya take n'tating'ono ngati tsitsi, ndipo kamodzi kokha kakakhudza waya wapakati, mababu a apongozi aja apsa. Manja a munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, wosangalala komanso wamantha, ntchito yotere inawakulira. Anakulunga kachitsulo kakopa kopyapyala pamwamba pake, mfundo n'kutuluka yotupa ngati njoka yomeza chule. Anathamangira m'nyumba kukayesa. Kasingano kanadzuka. Anamasula, kukulunganso, kuthamanganso. Kanadzukabe. Nthawi inali itakwana fili koloko, malaya oyera aja ali thukuta lokhalokha. A Evelio anali ndi mantha enieni kuti mnzawo aitana, aitana, kenako n'kuzimitsa wailesi akuganiza kuti awaiwala.

Mayi Zoila anali ataima kumbuyo kwawo manja ali m'chiuno. Anayang'ana mfundo ija monyansidwa.

"Ndudu yotere kufakitale akanakuponyerani kumaso. Tasunthani."

"Mayi, izi si zamasewera ayi."

"Ndati tasunthani. Kuona maso a nkhono n'kudekha, inu kudekha munakusiya m'basi."

Anazula chipini kumutu n'kupesa timawaya tija kamodzikamodzi, ta mbali iyi n'kutigoneka pa ta mbali inayo. Anawongola kachitsulo kakopa ndi kumbuyo kwa supuni mpaka kanasalala, n'kukadula mopendekera monga amadulira tsamba lakunja la ndudu. Kenako anaika chingwe patebulo, chikhatho pamwamba, n'kugubuduza kamodzi kokha. Anatsinzina n'kuyendetsa chala chachikulu pamfundopo, uku ndi uku.

"Ikathina pena utsi sudutsa, ikakhwepa pena imapsa mbali imodzi," anatero. "Iyenera kukhala chimodzimodzi kuyambira kumutu mpaka kumchira."

A Evelio kukamwa kunangoti yasa. Zimene iwo anaziphunzira m'mabuku ong'ambika kwa zaka zambiri, mayiyu anali nazo m'zala nthawi yonseyi, m'nyumba momwemo! Anadontheza mtovu m'mbali ziwiri, kukulunga mphira wa chubu cha njinga, kumata phula la njuchi kuti madzi asadzalowenso, n'kuthamangira m'kachipinda kaja a Nivaldo ali pambuyo. Anakanikiza batani. Kasingano kanagwedezeka pang'ono n'kugona.

"Kagona! Kagona, Nivaldo! Zoila, kagona ngati mwana!" Anamunyamula neba wawoyo, kumutsitsa, kuvina mozungulira mpando, mpaka nkhumba kukhola inayankha.

Folo koloko itakwana anatchula zilembo za dzina lawo la pawailesi n'kuitana. Munangomveka phokoso ngati la mafuta m'chiwaya. Anaitananso. Mayi Zoila, amene sankaponda m'chipindamo, anali ataima pakhomo ndi kakapu ka khofi. Kachitatu, mawu okalamba anatulukira m'phokoso muja, omveka bwinobwino.

"Evelio, achimwene! Mwagula wailesi yatsopano kodi? Mukumveka ngati muli kukhitchini kwanga kuno! Zaka zonsezi ndimakumvani ngati muli m'chitsime."

A Evelio anafotokoza zonse mokuwa, za nkhumba, za kopa wobiriwira amene wakhala akuwabera mawu osadziwa, za chipini ndi supuni. A Ubaldo anaseka mpaka kutsokomola. Anacheza ola lathunthu, mawondo, mphepo, ana, ngati Lamlungu lina lililonse. Batire litayamba kufooka, a Ubaldo anati, "Kodi mayiwo ali pafupi? Ndipatseniko."

Mayi Zoila anakana ndi mutu, koma amuna awo anali atawaika kale maiki m'manja.

"Mayi, simundidziwa, koma ine ndimakudziwani," anatero mkulu uja. "Lamlungu lililonse ndimakumvani chakumbuyo mukukalipa kuti khofi akuzizira. Chimwalirireni akazi anga, mawu a mayi amene amamveka m'nyumba muno ndi anu okha. Mukakalipa, nanenso ndimadzuka kukamwa wanga. Ndikalipireniko komaliza."

Mayi Zoila anayang'ana wailesi ija, mkazi mnzawo wa zaka makumi anayi, misozi ili lengelenge. Anapukuta m'maso ndi epuloni, kukanikiza batani monga ankaonera amuna awo, n'kukoka mpweya.

"A Ubaldo! Madala inu! Khofi wanu akuzizira, mukufuna ndichite kukumwetsani?"

"Ndikubwera, mayi," anayankha mawu aja. "Ndikubwera."

Kenako munatsala phokoso lokha. A Evelio sanazimitse wailesi, ndipo khofi wawo anazizira patebulopo popanda wowakalipira.