Tsiku limene amayi anatsitsa zithunzi za abwana

Chimene chimandibwerera nthawi zonse ndi nkhope yobiriwira. Mzimayi wa khosi lalitali ngati la kakowa, diso limodzi kuyang'ana pakhomo, lina kuyang'ana ine, m'manja atafukata nsomba ngati khanda. Chinali chithunzi chakale chojambula ndi penti, chopachika m'nyumba ina ku Randburg, ku Joni, kumene amayi ankagwira ntchito, ndipo ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, mwana wobisidwa.

Tinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja. Lamulo linali loti wantchito asasunge mwana pamalopo, analiika ndi mwana wamkazi wa abwana amene ankakhala kutali n'kumalamula pa foni. Tikanagwidwa, ntchito ndi kachipindako zikanathera limodzi. Ndiye nyengo yozizira yonse ya chaka chimenecho ndinaphunzira kukhala ngati mulibe munthu. Kuzizira kwa Joni si kwa kwathu ku Ntcheu ayi, kumalowa m'mano, milomo kung'ambika, zovala pachingwe kuuma gwa ngati chikopa. M'chipindamo munkangonunkha palafini. Phada ndinkasewera ndekha pabedi kuti miyala isalire, chifuwa ndinkatsokomolera m'pilo, amayi ankangoti kwa eni kulibe mkuwe.

Abwanawo anali okalamba, okhala okha, ogontha pang'ono. Masana akagona amayi ankandilowetsa kukhitchini kuti ndiothe uvuni uku ndikusenda mbatata, ndipo chitseko chikatseguka ndinkaziona zithunzi za abwana zili ndandanda, hatchi yofiira ya miyendo isanu, mudzi wa nyumba zozondoka, ndi mzimayi uja. Amayi ankazipukuta fumbi atayang'ana kumbali, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, ankati wojambula zoterezi mtima wake sunali pamalo. Ine sindinkaziopa, sindikudziwa chifukwa chake.

Kenako abwana anamwalira kuchipatala m'mawa wa Lachiwiri. Amayi atamva analira, anamanga chitenje m'chiuno, n'kuchita zimene munthu woleredwa amachita pakagwa zovuta. Anatulutsa mipando ya pabalaza, anayala mabulangeti pansi poti azimayi adzakhale, anachotsa zonse za pakhoma, chifukwa kwathu nyumba ya maliro sikhala yokongoletsa. Zithunzizo anaopa kuti panja ziwauka ndi dzuwa, ndiye anazinyamula chimodzichimodzi kudzazitsamiritsa m'kachipinda kathu. Atatero anakhala pansi kudikira olira. Sikunabwere munthu ndi mmodzi yemwe.

Tsiku limenelo ndinakhala ndi mzimayi uja maso ndi maso, mawondo anga pafupi kumukhudza. Penti inali ndi timizere totumphuka, ndi timing'alu ngati ta dambo louma, ikununkha mafuta akalekale. Pafupi nkhopeyo sinali yobiriwira yokha, munali chikasu, munali kufiira, pansi pa diso panali kadontho koyera kamene wojambulayo anangokhudza kamodzi basi. Pamenepo ndinadziwa kuti ndi dzanja la munthu linapanga ichi, munthu amene anaonapo mmene amaonekera mayi akagwira chinthu choterera chimene chingamupulumuke nthawi iliyonse. Sindinadye, sindinasunthe, dzuwa linachoka pakhoma lina kupita lina ine ndikungoyang'ana.

Chakumadzulo mwana wa abwana anafika kuchokera ku bwalo la ndege, anapeza mipando panja, makoma ali mbee, ndipo anaitana alonda. Ndinamva amayi akulongosola m'Chizungu chawo chochepa kuti sanabe kanthu, ndi mwambo, ndi ulemu kwa malemu, mawu akuwathera pakamwa. Nsapato zinkayandikira. Chitseko chinatseguka, madamuwo anaona zithunzi zawo zonse zili bwinobwino, kenako anaona ine. Amayi sanapepesenso, anangondiyang'ana n'kunena motsitsa mawu, "Vala nsapato, mwanawe."

Apolisi sanaitanidwe, koma madamuwo anatipatsa mpaka Lachisanu kuti tichoke. Amayi analibe kwina kondisunga. Loweruka anandikweza basi pa Park Station, n'kundisiya m'manja mwa mayi wina wa kutchalitchi kuti akanditule kwa azakhali ku Ntcheu. Sindinalire, ndinkangoona milomo ya amayi ikuyenda kunja kwa galasi. Ndinadzawaonanso nditakula kale.

Lero ndili ku Joni konkuno, ndili ndi mwana wanga wa miyezi isanu ndi iwiri, ndimachapa m'nyumba ina ku Fordsburg. Chithunzi chotere sindinachionenso, ndipo sindidziwa ngati ndimakwiyira amayi kapena madamu aja, mumtima mumangokhala zii. Amayi anachita zaulemu, ulemuwo n'kutilekanitsa. Mwezi watha kunyumba imene ndimachapayi kunagwa maliro. Sindinasunthe ngakhale mpando umodzi. Ndinangotsuka makapu, foni ili pachifuwa, khutu lili kwa mayi amene amandisungira mwana.